Chitseko cha ba Obed

Ku Chawama, komboni ya mu Lusaka, zaka zija za chipani chimodzi, wofuna mpando kapena bokosi ankalunjika kwa ba Obed Nkhoma, kalipentala wobadwira ku Kabwe, mwana wa mnyasa wa pamgodi. Anali munthu wouma pakamwa. Ukawapatsa moni ankangogwedeza mutu, misomali ili kumano. Zolankhula zonse za pakhomopo anasiyira akazi awo, ba Elesi, mayi woti akaseka anthu ankamva mpaka kumpopi.

Nyumba yawo inali chipinda chimodzi, koma chitseko, eee! Cha mtengo wa mukwa, chachikulu, cholemera, chopala ndi manja awo chaka chimene anakwatira. Chinkatsegukira mkati n'kudya theka la chipinda, moti bedi linkakhala kungodya, kumdima.

Mu 1978 ba Elesi anagwa ali pamzere wa mafuta ophikira. Anachoka kuchipatala atafa ziwalo mbali imodzi, pakamwa patapotoka. Ba Obed ankawasambitsa, kuwamwetsa phala, kuwatembenuza, koma mayi uja ankangoyang'ana khoma, kunyentchera tsiku ndi tsiku. Zinali zomvetsa chisoni, abale.

Kenako anafika mlongo wawo wa ba Elesi, ba Goliati, kuchokera ku Chipata. Ataona kamdimako anapukusa mutu.

"Mulamu, mlongo wanga akuolera mumdima muno. Loweruka ndibwera kudzamutenga, akadwalire kumudzi."

Mwini mbumba akalamula, mkamwini amatsutsa? Ba Obed anangoti zyoli, koma mtima unawapweteka zedi. Zaka makumi awiri ali limodzi, lero mkazi apite pabasi ngati katundu?

Bedi likanakhala pakhomo, ba Elesi akanaona anthu, koma chitseko chija chikanaligunda. Kuchitembenuza kuti chizitsegukira panja? Ku Chawama? Mahinjesi akakhala panja ndiye kuti waitana akawalala. Lachinayi m'mawa ba Obed anachizula, kuchigoneka pabwalo, kujambula mzere pakati, n'kuyika sowo. Ba Mwape, mayi wa nyumba yoyandikana, anafuula:

"Ba Obed, mwafuntha? Chitseko chabwino so!"

Iwo akungocheka. Anapala m'mbali, anawonjezera mahinjesi kumphuthu inayo, n'kupachika zitseko ziwiri zopyapyala. Potseka, ha, sowo inali itadya thabwa, pakati patsala mpata wolowa chala. Kalipentala wa zaka zonsezo! Anatukwana chamumtima, n'kukhomerapo kathabwa kotseka mpatawo. Atatsegula, chilichonse chinangopinda kumbali kwake osafika patali. Anakokera bedi mpaka pakhomo penipeni.

Loweruka ba Goliati anabwera ndi bulangete lofunditsa wodwala m'basi. Anapeza amayi atatu atakhala pakhonde akusadzula chibwabwa, masamba aja a maungu, mlongo wawo atatsamira mapilo, dzuwa likumuwomba kumaso, akukalipira mwana wa eni wotaya madzi panjira. Mawu ankatuluka mokoka, koma anali mawu.

"Konzeka, mlongo wanga, basi sidikira," anatero ba Goliati, koma mosalimba.

Ba Elesi anayang'ana amuna awo, amene anaima kumbali atagwira chipewa.

"Achimwene," anatero pang'onopang'ono, "munthu uyu ndikamusiya, adzalankhula ndi ndani?"

Ba Goliati anayala bulangete lija pamiyendo ya mlongo wawo, anagwira chanza mlamu wawo ndi manja awiri, n'kupita kukakwera basi okha.