Pampu ya Lole ya Atate

Mpaka lero fungo la phala lopserera limandibwezera ku Msakambewa, m'nyengo yachisanu ya chaka chimene ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Phalalo silinapserere mumphika, linapserera m'mimba mwa lole. Atate ankayendetsa lole ya mzungu wina wogula fodya, masiku amene galimoto ikamveka anthu ankataya makasu n'kuthamangira kumsewu. Kwathu atate anali mkamwini chabe, koma mkamwini wa lole palibe ankamutuma kukafolera nkhokwe ya apongozi.

Amayi anayamba kutupa miyendo fodya atangolowa m'zigafa. Kenaka mimba, kenaka kupuma kwa befu. Atate anapempha lole kwa mzungu kuti awatengere kuchipatala cha mishoni, kuseri kwa mapiri. Anafika nayo m'mawa nkhungu isanachoke, koma inafika ikufuka nthunzi, madzi akudontha pansi pa injini. Madalaivala a nthawi imeneyo ankathira ufa woyera mu ledieta, thanki ya madzi oziziritsa injini, kuti utseke podontha, choncho atate anatapa manja awiri m'dengu la amayi. Injini italira pang'ono inawiranso, ndipo fungo lija linadzaza bwalo lonse.

Atate anadikira kuti izizire, n'kugwira fani ya injiniyo. Inagwedera ngati dzino la mwana. Anapisa chala kuseri kwake, chinatuluka chonyowa ndi madzi a dzimbiri. Ledieta inalibe mlandu. Pampu yozungulitsa madzi ndiyo inali itadyeka m'kati, ndipo ufa uja unangowonjezera ntchito. Anamasula lamba, anamasula mabawuti anayi, n'kuitulutsa pampuyo. Ina ngati yomweyo inkapezeka ku Limbe kokha, ndipo anaitanitsa kumeneko.

Madzulo ake amalume, alongo awo a amayi, anabwera ndi msungwi wautali ndi chinsalu. "Alamu, anyamata alipo asanu ndi mmodzi. Pa machira mkucha afika." Atate anayankha osakweza mutu. "Machira awagwedeza, alamu. Pampu ifika Loweruka." Pa mwambo wathu mwini mbumba anali amalume, mawu omaliza anali awo. Koma ndani akanatsutsana ndi munthu wodziwa za injini? Amalume anatsamiritsa msungwi uja pakhoma n'kumapita.

Loweruka linadutsa, lina linadutsanso. Lole inangokhala pansi pa mtengo wa muwanga, nkhuku zikuikira mazira kunsi kwake. Atate ankatsuka ledieta ndi madzi otentha, phala lakuda likutuluka m'mapaipi. Ine ndinkasisita mapazi a amayi, ndikadina chala pankatsala dzenje. Sindinkalira, sindinkaopanso. Mphepo ya mwera inkalowa m'ming'alu ya mapazi anga, ndipo masiku onse ankafanana. Amayi anamwalira sabata yachinayi, masana, ndikuwaphikira therere. Ndinaphula mphikawo bwinobwino ndisanakaitane anthu.

Pampu inafika titameta kale, itakulungidwa m'chiguduli, ikununkha girizi watsopano. Atate anapala malo ake ndi mpeni, anadula chikatoni chotsekera pakati pa pampu ndi injini, anamanga mabawuti mmodzimmodzi mopingasa, anakoka lamba n'kudzaza madzi. Ntchito yonse inatha dzuwa lisanatenthe. Anapukusa chitsulo cholizira injini ndipo inalira, osadontha ngakhale kadontho. Azimayi amene anali pakhonde anatembenuzira nkhope kumbali.

"Esinati, kwera," atate anandiuza. Tinayenda awiriwiri, kumbuyo kulibe kanthu. Tinakwera zitunda zonse za ku Dowa injini osawira, fumbi lofiira likulowa m'kamwa, udzu wouma ukukwapula m'mbali. Titafika pachipata cha chipatala sanatsike. Anayang'ana dzuwa, limene linali lisanafike pamutu, anatembenuza lole n'kubwerera. Mwezi wotsatira abale a amayi anawasudzula atate, ndipo anabwerera kwawo ku Ntchisi, ine ndinatsala ndi amalume.

Zaka zambiri ndinkaganiza kuti tsiku lija atate ankangoyesa pampu, ndipo ndinkawada kuti anali ndi mtima wachitsulo. Tsopano ndakula kuposa msinkhu umene iwo anali nawo, ndipo ndikuona kuti pampu anali ataiyesa kale pabwalo. Iwo ankayeza njira. Unali ulendo wa m'mawa umodzi, pa mapewa a anthu masiku awiri, ndipo iwo anaudikira masabata asanu. Ine ananditenga chifukwa sakanatha kukaona zimenezo okha.