Ndinakwecha chakudya cha nsomba ya alamu

Abale, sabata yathayi ndinatsala pang'ono kupha nsomba ndi ukhondo.

Alamu anga a Chisale, omwe ndi nesi ku Rockingham, anapita ku Sydney ndi achemwali anga kukaona mwana wawo, malire a zigawo n'kutsekedwa chifukwa cha mliri ali konko. Makiyi a nyumba ali ndi ine. Ntchito anandipatsa imodzi: kudyetsa nsomba zawo za m'thanki ya madzi amchere ili pabalaza.

"Kudyetsa basi, alamu. China chilichonse musakhudze."

Ndinavomera. Koma ine ntchito yanga ndi yokolopa kunyumba yosungirako okalamba. Chibwerere matendawa, chimene diso laona dzanja limapukuta. Ngakhale nthochi ndimatsuka.

M'thankimo muli kansomba kena amati bleni. Kusambira sikakonda. Kamangokhala pamwala, maso ali tong'o, n'kumaonerera anzake akuzungulira. Alamu anakatcha Abwana.

Ndiye Lolemba ndikuyang'ana miyala ya Abwana, ndere zokhazokha, biriwiri. Galasi chimodzimodzi. Ndinati, nesi wathunthu n'kumasunga uve chonchi? Anthu akamva? Ndinagula mswachi watsopano, n'kukwecha mwala umodziumodzi mpaka mbee. Sopo sindinaike, ndine munthu woganiza.

Pofika Lachisanu, mimba ya Abwana yaphwa. Akungojompha mwala wopanda kanthu. Chakudya cha m'botolo chimene zinzawo zimalimbirana, iwo osachiyang'ana n'komwe. Ndinaimba foni ya vidiyo, koma ndinayamba ndi nkhani yabwino.

"Taonani thanki yanu, alamu. Ikuwala ngati chipatala."

Alamu anayandikitsa nkhope pafoni, kuyang'anitsitsa miyala.

"Alamu, ndere zanga zili kuti?"

"Ndachotsa. Musavutike n'kuthokoza."

"Ndithokoze? Mwatchetcha munda wa eni ake! Bleni amadya ndere zomwezo. Miyezi yonseyi ndakhala ndikuzilera!"

"Ndere zimaleredwa?"

"Akafa Abwana, ndikadzabwera mudzalowa ndinu m'thankimo. Mudzakhale pamwalapo."

Achemwali anga kumbuyoko, m'malo mondilankhulira, akungofa nako kuseka. Magazi amodzi, abale!

Ndakhala ndikuganiza. Ife timathandiza osafunsa. Ukalowa m'nyumba ya mnzako, moni asanathe tsache lili kale m'manja. Ndi mtima wabwino, sindikukana. Koma ndani anatiuza kuti chilichonse chosawala ndi uve?

Kuntchito kuli mayi wina wokalamba, anali ndi kapu yakuda bii m'kati chifukwa cha tiyi. Mnzanga anaiyeretsa bwinobwino, akuyembekeza kuyamikiridwa. Mayi uja analira masiku awiri. Inali kapu ya malemu amuna awo. Nthawi imeneyo ndinamuseka mnzangayo. Lero sindikuseka kwambiri.

Nanga pagulu lathu la pafoni? Wina akangoti kunyumba sizili bwino, tonse miswachi m'manja. Msiyeni mwamunayo. Mwanayo mubwezereni kumudzi akaphunzire mwambo. Kufunsa kuti mwini wake akukhalira chiyani, ayi. Safunsa adadya phula, koma masiku ano wosafunsayo amakhuta, wogona ndi njala ndi winayo.

Panopa kuseri kwa nyumba ya alamu kuli ndowa ya madzi amchere, miyala m'kati, padzuwa. Ndikulima ndere. Ine, bambo wa zaka makumi anayi ndi kakuti, m'mawa uliwonse kukasuzumira ngati uve wamera. Neba anandifunsa kuti ndikuphika chiyani, ndinangomwetulira.

Podikira, alamu anandituma kukagula masamba ouma a m'nyanja aja amakulungira mpunga. Ndimamangirira kachidutswa pamwala ndi labala. Masiku awiri Abwana anangokayang'ana. Lero m'mawa aluma kawiri, n'kutembenuka kundiyang'ana ine, diso losakhululuka. Kawiri kokha, koma ndinaimbira alamu ngati kwabadwa mwana.

Inu amene mumakonda anthu anu ndi manja achangu, musanagwire mswachi sabata ino, mwafunsa kuti mwini wake amadya chiyani?