Chikuta cha Mbuzi ku Chinsapo

Mbuzi yathu ya mkaka inagwa patatha masiku atatu itabereka, ndipo amene anaidwalitsa ndinali ine. Ndinali ndi zaka khumi, ndili Sitandade 4. Tinkakhala ku Chinsapo m'nyumba ya zidina ya zipinda ziwiri, kuseri kuli kakhitchini kofolera ndi malata akale. Unali mwezi wa Julaye, chapakati pa zaka za m'ma 1990. Mphepo inkautsa fumbi lofiira m'tinjira, milomo ikung'ambika, ndipo kakhitchiniko kankanunkha utsi wa makala, mkodzo wa mbuzi ndi gaga wonyowa.

Sinali mbuzi yachikuda. Inali yoyera, yaitali miyendo, ya bere lalikulu. Amayi anailandira kwa amayi anzawo a kutchalitchi. Makolo anga anachokera ku Rumphi ali achinyamata, ndipo chiweto chomwe ankachidziwa chinali nkhuku basi.

Mkaka wake tinkaudikira chifukwa cha Tiwonge, mwana wa amayi aang'ono amene anamwalira mu Juni. Anabwera kwathu ali ndi miyezi isanu ndi iwiri, wopepuka, mutu ukuoneka waukulu kuposa thupi. Phala ankalisanza. Anesi a kusikelo anauza amayi kuti mkaka wa mbuzi wowiritsa bwino ungamugwire mimba. Koma nthawi imeneyo mbuzi inali itatsala pang'ono kubereka ndipo inali itauma. Tinadikira milungu inayi.

Itabereka tiana tiwiri, amayi anaisamala momwe amasamalira mayi amene ali m'chikuta. Anaitsekera m'khitchini kuti mphepo isaiombe, ndipo m'mawa uliwonse asanapite kumsika kukagulitsa tomato ankaisiyira mbale imodzi ya phala la gaga, lofunda, lothira mchere. Ine ndikaweruka kusukulu ndinkapeza mbaleyo itanyambitidwa mbee. Ndinaganiza kuti phala likachuluka mkakanso uchuluka. Masiku awiri ndinaiphikira poto wodzaza, n'kuwonjezerapo mkute ndi chimanga chokonola. Udzu wa kudambo ndinasiya kukamweta, poti mayi wa m'chikuta sindinamuonepo akudya zouma.

Lachinayi m'mawa tinaipeza itagona. Mimba inali itatupa mbali ya kumanzere, ndipo ukaigogoda inkalira ngati chidebe chopanda kanthu. Inkakukuta mano, makutu ali zii. Ndowe zinali zamadzi, zonunkha zowawasa. Tiana tinkagunda bere, osapeza kanthu. M'nyumba Tiwonge ankalira motsitsa, kulira kwa mwana wotopa.

Anabanda, oyandikana nafe, anati tiitane a Chimwaza, amene ankapha mbuzi ndi kuwotcha kanyenya pamsika. Amayi anakana. Anati munthu wa mpeni akaona mbuzi yodwala amaona nyama. Dzuwa litapendeka mbuzi inayamba kupumira m'mwamba, ndipo amayi anandituma.

A Chimwaza anafika atavala apuloni ya madontho a magazi. Anagwada n'kuika khutu pamimba pa mbuzi kwa nthawi yaitali. Kenako anafunsa chimene inadya. Amayi anati mbale imodzi ya phala patsiku. A Chimwaza anapukusa mutu n'kunena kuti mbale imodzi singatupitse mimba chonchi. Anayang'ana poto amene anali pakona, kenako anandiyang'ana. Ndinaulula zonse, maso ali pansi.

"Amayi, mbuzi si munthu," anatero a Chimwaza. "Chikuta chake ndi udzu. Mwaikonda udyo, n'chifukwa chake yagona."

Anaitanitsa soda wothira m'therere, madzi ofunda ndi mafuta ophikira pang'ono. Anazisakaniza m'botolo n'kumaimwetsa pang'onopang'ono cha m'mbali mwa kamwa kuti isatsamwe. Tinaitulutsa panja, tinaiimika miyendo yakutsogolo ili pamulu wa njerwa, iwo akusisita mimba mpaka inageya katatu. Analamula kuti gaga asaonekenso kwa mlungu wathunthu. Idye udzu wouma ndi masamba a mabulosi, imwe madzi, ndipo tiziiyendetsa.

"Ikapanda kubzikula pofika Lamulungu, ndibwera ndi mpeni," anatero akutsuka m'manja. "Iwe dokotala wa phala, ntchito yomweta ndi yako."

Amayi sanandimenye. Anangondipatsa chikwakwa ndi thumba. Ndinkapita kudambo kawiri patsiku, mapazi akuwawa ndi mame ozizira, ndipo ndikabwerako ndinkakhala pafupi ndi mbuzi kuyang'ana nsagwada zake. Loweruka masana inabweza chakudya kukhosi n'kuyamba kutafuna. Kamwana kake kamodzi kanali katafa kale dzulo lake. Kotsalako tinakasunga ndi madzi a shuga.

Mkaka unabwerera patatha masiku asanu ndi anayi, theka la kapu. Amayi anauwiritsa, n'kuuziziritsa, n'kumwetsa Tiwonge ndi supuni. Sanausanze. Mu Ogasiti tinkakama makapu atatu patsiku, ndipo kamodzi Tiwonge anandisekerera, mano awiri akuonekera. Koma mzere wa pakhadi lake la kusikelo sunakwere. Zilonda zoyera zinatuluka m'kamwa, chifuwa chinabwera osachokanso. Anamwalira m'chipatala mu Okutobala, mvula isanagwe.

Pamaliro palibe anatchula za mbuzi. Ine ndinkawerenga masiku asanu ndi anayi aja mobwerezabwereza, ndipo ndinali wotsimikiza kuti phala langa ndilo linamupha. Ndinakhala nazo mumtima mpaka kusekondale, osauza munthu. Lero ndikudziwa dzina la matenda amene anatenga amayi aang'ono, matenda omwe zaka zimenezo pamaliro ankangoti munthu wadwala nthawi yaitali. Ndikudziwanso kuti mwana ankatha kubadwa nawo, ndi kuti mankhwala ake anali asanafike m'makomo ngati athu. Amayi ankadziwa zimenezi kuyambira tsiku lomwe anamulandira Tiwonge. Ankakamabe mbuzi m'mawa uliwonse.