Chisipanishi cha Unkhoswe

Ndinalembetsa Chisipanishi pa koleji ina ya mu Leicester ndili ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri, imvi zitandigwira kale m'ndevumu. Ulendo wa ku Spain ndinalibe. Anandikankhira kumeneko ndi mwana wa mlongo wanga, mtsikana amene ndinamutenga ku Dedza ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, n'kumulera m'nyumba mwanga ku Wigston mpaka anamaliza unamwino. Tsiku lina anabwera, n'kukhala m'mphepete mwa mpando ngati mlendo, n'kundiuza kuti wapeza mwamuna. Mwamunayo anali wa ku Colombia, ankagwira ntchito m'mashedi akuluakulu a katundu aja a ku Corby. Makolo ake anali atakonza zodzationa m'mwezi wa Juni, ndipo Chingerezi sankachidziwa n'pang'ono pomwe, ankangoyankhula Chisipanishi cha kwawoko.

Mlongo wanga sakanatha kubwera, miyendo inali itamuvuta kale. Pafoni anangoti, "Achimwene, mwini mbumba ndinu. Muyendetse mwambo wonse, mwanayo asapite ngati wotola." Choncho unkhoswe unagwera ine, ndipo ndinaulandira ndi manja awiri chifukwa mwanayu ndimamukonda kuposa mmene ndinamuuzirapo.

Iye ankaona ngati nkhani yake ndi yaing'ono. "Ankolo, musavutike," anatero. "Iyeyo azitiransileta, amatha zonse ziwiri." Ndinamuyang'ana mpaka anagwetsa nkhope. Ndi liti mkamwini anamasulirapo nkhani ya ukwati wake womwe? Pa nkhani zotere mnyamata amakhala phee, maso pansi, akulu ndiwo amayankhula. Ndinalumbira mumtima kuti mawu a unkhoswe adzatuluka pakamwa panga, m'chinenero cha alendowo, ndipo sabata yotsatira ndinali pamzere wolembetsa.

Kalasi inkachitika Lachiwiri lililonse sikisi koloko madzulo. Ndinkachoka kuntchito kwanga kosamalira okalamba, kukwera basi, n'kufika ndikununkhabe sopo wa kuntchito. Tinalipo khumi ndi anayi. Panali bambo ndi mayi opuma pantchito amene ankafuna kukakhala kunyanja ku Spain kuthawa chisanu, atsikana angapo okonzekera holide, ndi mkulu wina amene sanatiuzepo chimene ankachifuna. Mphunzitsi anali mtsikana wa ku Spain, msinkhu wa mwana wanga yemweyo, ndipo anatiuza kuti tizimutchula dzina lake. Ine chaka chonse ndinamutchula aphunzitsi, iye n'kumaseka.

Anthu aja analibe changu. Ankabwera ndi mabisiketi, akalakwitsa ankaseka, akapatsidwa ntchito ya kunyumba ankaiwala. Miyezi itatu inatha ndikudziwa kuitanitsa nsomba yokazinga, kufunsa kokwerera sitima, ndi kudandaula kuti m'chipinda changa cha kuhotela mulibe thaulo. Thaulo! Munthu ndili ndi mbumba yoti ndiipereke, akundiphunzitsa za thaulo. Ndinkatsegula buku kumapeto kufunafuna mutu wa ukwati, osaupeza. Mutu wa banja unalipo, koma munali chithunzi cha anthu anayi ndi galu.

Lilime nalo linkandikana. Mawu ndinkawalemba pa timapepala, kumata pa firiji, pagalasi, ngakhale pachitseko cha kuchimbudzi. M'basi ndinkang'ung'udza ndekha mpaka mayi wina anasamuka pampando. Mkazi wanga ankati ndasanduka wa mapemphero a malilime. Ndikakhala kuntchito ndinkalakalaka kalasi, ndikafika m'kalasi ndinkayang'ana wotchi, ndikafika kunyumba ndinkatsegula kalendala kuwerenga Malachiwiri otsala. Kulikonse kumene ndinali ndinkaona ngati ndikuchedwa kwina.

Mu Januwale ndinalephera kupirira. Anzanga atatuluka ndinatsalira, n'kupereka kwa aphunzitsi pepala limene ndinalembapo mawu anga onse m'Chingerezi. Ndinawafotokozera za mwana wanga ndi za alendo. Maso awo anawala, ndipo kwa masabata atatu tinkatsala awiri kwa mphindi zingapo, iwo kutembenuza mawu, ine kubwereza. Chiyambi chinawakomera: kulonjera alendo, kuwathokoza chifukwa cha ulendo wautali, kutchula kuti mwana wathu tinamulera bwino. Atafika kumapeto kwa pepala anaima.

Kwathu, anthu akabwera kudzafunsira mbeta, malume sayankha tsiku lomwelo. Ngakhale nkhani yonse ikudziwika, ngakhale mtima wavomera kalekale, amati tamva, tikafunse kaye eni mwana, mubwerenso tsiku lina. Alendo nawo amadziwa kuti umenewo ndi ulemu, amabwerera akumwetulira. Kuvomera pompo n'kuonetsa ngati mwanayo anatitopetsa. Zimenezi ndi zimene ndinalemba kumapeto kwa pepala lija.

"Mukufunadi kunena zimenezi?" anafunsa aphunzitsi. Ndinati inde. Anayamba kunena kuti kwa anthu a kumeneko mawu oterewa akhoza kumveka mwina, koma ndinawadula pakamwa. Ndinawauza, mwaulemu koma mouma, kuti iwo andipatse chinenero, mwambo ndili nawo kale. Anakweza mapewa n'kulemba. Anandiphunzitsa bwino kwambiri, liwu ndi liwu, mpaka pokweza mawu ndi potsitsa.

Kuyambira pamenepo kalasi inangokhala poti ndizipezekapo. Ena akamaphunzira za nyengo ndi mitundu ya zovala, ine ndinkabwereza mawu anga chamumtima. Mayeso a mu Meyi ndinakhoza mwa apo ndi apo, ndipo sizinandikhudze.

Alendo anafika kwathu Loweruka masana. Ndinaitana abambo awiri a kutchalitchi kwathu kuti akhale mboni, mkazi wanga anaphika kuyambira m'mamawa, nyumba yonse fungo la nkhuku. Bambo a mnyamatayo anali munthu wamfupi, wa manja okhakhala, atavala suti yooneka kuti yagulidwira ulendo womwewu. Mayi ake anandigwira dzanja ndi manja awiri osafuna kulisiya. Ndinawakonda nthawi yomweyo. Mnyamata ndinamulozera mpando wa pakona, ndipo anamvera.

Bambo aja anaimirira n'kuyankhula nthawi yaitali. Ndinatolapo mawu owerengeka, mwana, banja, chikondi, Mulungu, koma chimene ankapempha ndinkachidziwa. Kenako ndinaimirira ine. Liwu loyamba litatuluka, mayi aja anagwira pachifuwa. Sanayembekezere. Ndinawalonjera, ndinawathokoza, ndinanena za mwana wathu, ndipo iwo ankagwedeza mutu, misozi ili m'maso. Ndinamva kukoma kumene sindinakumvepo chibwerereni ku Mangalande kuno. Ndinatsiriza monga ndinaphunzirira, osaphonya ngakhale liwu limodzi: tamva, lero sitingayankhe, tikafunse kaye eni mwana, mubwerenso tsiku lina.

Abambo a kutchalitchi aja, amene ndinali nditawauza kale zimene ndidzanene, anavomereza ndi mitu. Mayi aja anayang'ana mwana wawo, mwana wawo anayang'ana pansi. Bambo aja anafunsa kanthu mwachidule, mnyamatayo anayankha liwu limodzi. Ndiye bambowo anaimirira, anamanga batani la jekete, anandigwira chanza mozizira, n'kutuluka. Mkazi wawo anawatsatira akupukuta m'maso. Chakudya chinali chisanafike n'patebulo pomwe.

Mwana wanga anatsala pakhomo, jekete lili m'manja. "Ankolo, mwapanga chani? Anthuwa akufulaya Lachinayi. Adikira viza miyezi ingati kuti adzakuoneni? Tsiku lina lake liti?" Ndinati ndi mwambo, akanayenera kudziwa. "Adziwira kuti? Ineyo simunandiuze n'komwe kuti munena zimenezo. Iwo amva kuti mwamukana." Anatseka chitseko n'kukakwera galimoto yawo. Aka kanali koyamba kuti achoke pakhomo panga osatsanzika.

Tinadya nkhuku ija anthu anayi, mwakachetechete. Mmodzi wa abambo aja anayesa kundilimbitsa mtima kuti ndayendetsa bwino, koma mawu ake analibe mphamvu. Iwo atapita, mkazi wanga akuchotsa mbale anati, "Koma Chisipanishi chanu chamveka bwino zedi, bambo. Palibe liwu limene alitaya." Ndinazungulira m'nyumba, kutuluka kubwalo, kulowanso, kutenga foni, kuibweza. Ndinali wokwiya, ndipo chondikwiyitsa kwambiri chinali chakuti wokwiyira ndinalibe. Aphunzitsi anandichenjeza. Mwana akanandichenjeza ndikanamufunsa. Ndinachita mantha kuti anthu aja akwera ndege ali ndi mawu anga m'mimba, ndipo mwanayo akwatiwa ndithu, koma popanda ine.

Lamlungu sindinapite kutchalitchi. Ndinaliza galimoto kulowera ku Corby. Nkhoswe ya kuchikazi kulondola a kuchimuna kwawo m'mawa mwake, kwathu akanandiseka mpaka kumanda. Njira yonse ndinkayesa kulumikiza mawu atsopano, koma a pepala aja okha ndi amene ankabwera.

Mnyamatayo ndiye anatsegula chitseko. Makolo ake anali pa sofa, mwana wanga ali pakati pawo, maso otupa. Mwanayo sanandipatse moni. Ndinakhala pampando umene mnyamatayo anandilozera, n'kunena m'Chisipanishi changa chothyokathyoka kuti yankho ndi inde, inde kuyambira kale. Pamenepo mawu anandithera. Ndinatembenukira kwa mkamwini wanga, munthu amene dzulo lake ndinamukhazika pakona, n'kumupempha kuti andimasulire. Ndinafotokoza zonse, kuti kwathu timachedwetsa yankho pofuna kulemekeza mwana wamkazi, kuti pa mwana wawo sindinaonepo cholakwa chilichonse. Iye ankamasulira modekha, ndipo ndikukhulupirira kuti ankakonzako ndi zina.

Bambo aja anapumira m'mwamba, anaseka pang'ono, n'kunditambasulira dzanja. Mayi aja sanaseke. Anandiyang'ana m'maso, n'kuyankhula pang'onopang'ono, monga muja amayankhulira ndi mwana wa sukulu, kuti ndimve ndekha. Anati wanu mwamulemekeza, chabwino. Wanga ndinamubereka inenso. Zaka zisanu ndi chimodzi sindinamuone, ndipo tsiku limene ndabwera kudzamuimira ndamuona atakhala pakona, akuyang'ana pansi.

Mkamwini anatsegula pakamwa kuti amasulire, ndinamukwezera dzanja. Ndinali nditamva zonse. Ndinafufuza m'mutu mwanga chaka chonse cha Malachiwiri, osapezamo choyankha. Ndiye ndinatsika pampando, ndi suti yanga yomweyo, ndinanjuta patsogolo pa mayi aja, n'kuyamba kuwomba m'manja mwakachetechete, monga timapepesera kwathu. Iwo anadabwa, anayang'ana uku ndi uku kufuna wowauza tanthauzo lake. Palibe anawauza. Mwana wanga, amene chibadwire sanandionepo nditanjutira munthu, anabisa nkhope paphewa la apongozi ake n'kuyamba kulira.