Toronto Si Patali

Fungo la utuchi ndi guluu limandibwezera ku Keko, dera la mumzinda wa dziko lachilendo komwe tinkakhala, mushedi ya agogo anga aamuna a Che Amini, momwe ankapala matabwa a mabedi thukuta lili kamukamu, ndege zikudutsa pamwamba mpaka malata kunjenjemera. Ndege ikamveka ankasiya kupala, n'kuiperekeza ndi maso mpaka itazimiririka.

Mwana wawo wamwamuna anali mmodzi yekha, amalume a Yusufu, ndipo ankakhala ku Toronto. Munthu akayerekeza kuwamvera chisoni, agogo ankapsa mtima.

"Patali pati? Kwathu ku Mangochi pa basi umagona panjira, msana kuthyoka. Toronto ndinafunsa kwa ogulitsa matikiti. Tsiku limodzi tu, kusintha ndege kamodzi, umefika!"

Anali nkhutukumve mdala ameneyu, koma ndinkawakonda. Ankatiuza zinthu ziwiri mobwerezabwereza mpaka kutitopetsa. Choyamba, tsiku la maliro awo amalume ndiwo adzatsike m'manda kukawagoneka, monga achitira mwana wamwamuna m'Chisilamu. Chachiwiri, tisadzawaike mufiriji ya kuchipatala. "Ine si samaki wa ku Feri," ankatero, kunena nsomba za pamsika wa kudoko.

Tsiku lina amayi anawafunsa, "Nanga baba, ziwirizi zidzatheka bwanji pamodzi?"

"Ndege ilipo, mwananga."

Agogo anamwalira Lachisanu m'mawa, nyengo ija yotentha yoti ngakhale mthunzi umawotcha. Amayi anaimba foni. Amalume anathamangira kubwalo la ndege, koma ya tsikulo inali itadzaza, ndipo ya mawa lake inali yoti akadikirenso ina panjira. Tsiku limodzi la agogo linali la munthu amene wakhala kale pampando wa mundege.

Akuluakulu a kumzikiti anadikira mpaka masana. Kenako shehe anaima pakhomo n'kulankhula motsitsa mawu. "Mama, kutenthaku mukukuona. Tiwaike lero, kapena apite mufiriji mpaka mchimwene wanu afike. Nenani inuyo."

Ndinali nditakhala pamkeka pafupi ndi amayi. Chilichonse chomwe akanasankha chinali kuswa mawu a bambo awo. Potsiriza anati, "Aikeni."

Amene anatsika m'manda anali mmisiri wa shedi yoyandikana nayo, munthu wabwino koma wosakhala wa magazi athu. Amalume anafika Lolemba, maso ali psuu. Anapita kumanda okha, ndipo pobwera sanadye chakudya chomwe amayi anaphika. Mpaka lero awiriwa amangopatsana moni pa Idi basi, ndipo zimandipweteka kwambiri.

Ine ndikadali ku Temeke, kufupi ndi ku Keko, ndimasoka zovala. Anzanga ambiri anapita kukagwira ntchito ku Muscat ndi ku Dubai, ndipo amandiitana. Amati ndi maola ochepa chabe pa ndege. Amayi, omwe tsopano akuyendera ndodo, amandiseka kuti ndimaopa kuuluka. Sindiwatsutsa. Sindinawauzepo kuti tsiku lawo likadzafika, ndikufuna wodzasambitsa thupi lawo adzakhale ine, mwana wawo wamkazi.