Bellissima wa ku Mbungo

Anzanga, Hector ndinakumana naye mu 2006 panjira ya ku Chipyela, nditasenza dengu la chinangwa. Ankayendetsa boti la alendo pa loji ina ya pachilumba chathu.

"Sei bellissima," anatero.

"Mukunditukwana?"

"Ayi! Ndi Chitaliyana. Ndikuti ndiwe wokongola kwabasi."

Ine Millicent wa ku Mbungo, mapazi fumbi lokhalokha, kuyamikiridwa m'Chitaliyana! Mtima unapita basi.

Koma kwathu chibwenzi sitionetsa pamsewu. Tikakumana pagulu tinkangopatsana moni ngati anthu ongodziwana kutchalitchi. Chaka chitatha ankhoswe anakumana, ansembe n'kuyamba kulengeza ukwati wathu. Amalengeza masabata atatu. Awiri anadutsa bwinobwino.

Mawu aja ankamuphunzitsa ndi Giulia, Mtaliyana wosambira ndi alendo pansi pa madzi. Ndinafuna kudzamudabwitsa Hector paukwati, ndiye ndinapita kwa mayiyo.

"Sister, ndiphunzitseniko mawu oyamikira mwamuna wooneka bwino."

Anaseka, n'kundilembera papepala: stupendo, meraviglioso, bello da morire. Otsirizawo akuti ndi kukongola koti munthu n'kufa nako.

"Awa ndimamuuza my boyfriend," anatero m'Chichewa chake chothyokathyoka. "Hector wa boti. Ukumudziwa?"

Mayiyu sankadziwa kanthu... akanadziwa bwanji poti ife tinkabisa?

"Ndimangowaona," ndinayankha.

"Loweruka tikukwera sitima ya Ilala limodzi!" anatero Giulia.

Anzanga, mantha a sabata imeneyo sindidzawaiwala. Chakudya sichinkalowa. Amayi anali atatumiza kale uthenga wa ukwati kwa abale ku Chizumulu, ine osadziwa poyambira kuwauza.

Lachinayi ndinalimba mtima, ndinamutsekereza Hector akutsuka boti.

"Zoona mukupita?"

"Iwe Millie, relax! Ndikungomunyamulira zikwama mpaka pasitima."

Sanandiyang'ane kumaso.

Loweruka Ilala italira, chilumba chonse chinathamangira kudoko. Ine ndinakhala pakhonde. Ndinkaopa kukaona ndi maso anga.

Lamulungu tinalowa m'tchalitchi. Ndinayang'ana pabenchi pomwe Hector ankakhala... panalibe munthu. Ndinadzinamizabe kuti wachedwa.

Ansembe anawerenga mayina athu kachitatu.

"Ngati alipo wodziwa chifukwa choti awiriwa asakwatirane, anene."

Tchalitchi chonse zii. Amayi ake a Hector anawerama, maso pansi. Amalume ake chimodzimodzi. Onse ankadziwa, anzanga! Anamuona akukwera sitima, koma palibe amene anafuna kuyamba kunyozetsa banja. Amayi anga okha ndi amene ankamwetulira.

Ndinagwira benchi n'kuimirira.

"Ine ndikuchidziwa chifukwacho, bambo."

Amayi anandikoka chitenje. "Millicent, khala pansi, wapenga?"

Sindinakhale. Ukwati wanga ndinauletsa ndekha, pamaso pa mpingo wonse, ndikulira.

Anzanga, mwamuna akamakuyamikirani m'chinenero chachilendo, muzifunsa kaye kuti mphunzitsi wake ndani.