Seva ya ku Makanjira Imene Inafiira

A Swadick ndakhala nawo moyandikana kuno ku Monkey Bay zaka zisanu ndi chimodzi. Mpanda wathu ndi umodzi, wabango, ndiye zolankhula zawo zimandipeza zokha ndikuchapa. Bambo awo anali msodzi wa chilimira, koma iwo nyanja inawakana, akangokwera boti amasanza. Anakaphunzira zamakompyuta n'kulembedwa pa kakampani ka netiweki. Ntchito yawo n'kuyang'ana sikirini imodzi yoonetsa mmene makompyuta akuluakulu, amati maseva, akuyendera kuno, ku Katuli ndi ku Makanjira. Munthu wofatsa, wosaphonya swala. Vuto lawo, nambala amaikhulupirira kuposa munthu.

Chaka chatha sikirini ija inayamba kufiira pa Makanjira. Akuti memore, malo amene kompyuta imagwiriramo ntchito, yadzaza 96 pa 100 tsiku ndi tsiku, pamene maseva ena ali pa 40. Wosamala seva imeneyo anali Amida, mayi wa ana awiri, mwana wa a Abiba ogulitsa mandasi kumsika kuno.

Ndinawamva a Swadick akulankhula ndi Amida pafoni. "Chemwali, musandinamize. Mukuonerapo mafilimu. Makina sanama."

Analemba lipoti, abwana n'kumuimitsa Amida ntchito.

Apa ndiye pondichititsa manyazi ine. Ndinauza mnzanga a Matilda pamjigo, iwo anauza kwaya yonse. Pofika Lachisanu nkhani inali yoti Amida watsegula malo oonetsera mafilimu mu ofesi. A Abiba anasiya kubwera kumsika.

A Swadick anakwera boti kukafufuta mafilimuwo, akusanza njira yonse. Sanapeze ngakhale imodzi. Atabwerako anatha masiku awiri osatuluka. Tsiku lachitatu anandiitana pampanda.

"Make Esitere, ndalakwa. Mukudziwa kayezedwe ka usipa? Wina ndowa amaisalaza, wina amaiunjika, onse n'kumati ndowa imodzi."

"Ndiye usipa walowa bwanji mu kompyuta, achimwene?"

"Kompyuta ikaona kuti memore ili chabe, imasungamo tinthu tongoyembekezera, ikafuna malo imatitaya. Maseva enawa timeneti satiwerenga. Ya ku Makanjira ndi yamtundu wina, imatiwerenga ngati malo odzaza. Pulogalamu ya sikirini ija ndinaika ndekha, koma sindinafananitse kawerengedwe."

"Nanga Amida?"

"Sanakhudze kanthu."

Anatha sabata akukonza kuti maseva onse aziwerenga mofanana. Makanjira inatsika kufika pa 38. Akanatha kungouza abwana kuti vuto latha, basi, palibe akanadziwa. Koma analemba kalata, n'kukaiwerenga okha pamaso pa anzawo, kuti wolakwa ndi iwo. Anachoka kumeneko ndi chenjezo. Amida anabwerera pa ntchito.

Ine ndinayesa kukonza zanga. Ndinafotokoza pamjigo za ndowa ndi memore, amayi akundiyang'ana ngati ndikulankhula Chitchaina. A Matilda anangofunsa kuti, "Koma mafilimuwo anali a ku Nigeria?" Bodza linayenda masiku anayi, zoona mpaka pano zikadali pakhomo panga.

Pa Idi Amida anabwera kudzaona mayi ake. Tinakumana pa njira ya kuchigayo, poti pothawira panalibe. Anatula thumba lake pansi, n'kupinda bondo.

"Muli bwanji, amayi?"

Ulemu wonse, wosachotsera. Ndinayankha ndikuyang'ana zala za kumapazi kwanga. Anadikira pang'ono ngati pali china chimene ndinene, kenako ananyamula thumba n'kumapita.